Chamoyo Chimakana, Ankatero Ababa

Dzulo tameta maliro a ababa anga, a Namakhwa, koma ine mkwiyo sunandichoke. Sabata yonseyi anthu alankhula mpaka kukamwa kuuma. Ati anali munthu waluso, ati manja awo ankadzutsa zinthu zakufa, ati kuno kwa Likoswe sitidzaonanso wokonza mawotchi wotero. Sindikutsutsa, zonsezo n'zoona. Koma palibe ndi mmodzi yemwe watchula dzina la Lusiyano, mlongo wanga, mwana wawo wamwamuna mmodzi yekhayo, ngati kuti ababa anabereka ine ndekha. Poti onse achita manyazi, ndinena ndine, wondida andide.

Ababa anali munthu wamfupi, woonda, wa mawu aakulu kuposa thupi. Ankagwira ntchito pakhonde atakhala pachiguduli, zipangizo zawo zili m'chitini chakale cha mabisiketi. Aphunzitsi, akapitawo, amwenye a masitolo ndi anthu obwera ku Joni ndi ku Halale ankawabweretsera mawotchi, magalamafoni, makina osokera, ngakhale maloko otayika makiyi. Timawilo ta m'wotchi ankatitsuka ndi nthenga ya nkhuku yoviika m'palafini. Makutu awo anagontha kalekale ndi phokoso la injini, n'chifukwa chake ankalankhula ngati akuitana munthu wa tsidya lina la mtsinje. Pofuna kumva ngati wotchi ikugunda bwino ankailuma ndi mano akutsogolo n'kutsinzina. Mwini wotchi ankangoti kakasi, kuona chuma chake chili m'kamwa mwa munthu, koma ikabwerera kwa iye inkayenda zaka osavutanso.

M'dziko muno anafika ali kumsana kwa amayi awo, kuchokera kwa Apwitikizi. Nkhani imeneyi tinaimva mpaka kuiloweza. Ankati makolo awo sanathawe ayi, anakana. Anakana kusenza machila a anthu ena, anakana chikoti, anatenga ana ndi mbewu ya kalongonda n'kuuyamba ulendo. Ababa atakula anagwira thangata pa esiteti ina, kenaka anawaika pa injini yopopa madzi. Tsiku lina kapitawo anawauza kuti asiye maliro a mng'ono wawo akayatse injini. Anakana pamaso pa anthu, ndipo pobwera kumanda anapeza denga la nyumba yawo atalisasula. Umo ndi mmene anachokera pa esitetiyo n'kudzakwatira amayi kuno. Akafika pamenepa m'nkhaniyo ankaseka ndithu, n'kunena kuti injini ija akanaiuza kuti ipope madzi tsiku la maliro a amake, ikanapopa.

Makani awo otchuka anali ndi aphunzitsi a Chimenya, a pasukulu ya m'mudzi mwathu. Aphunzitsiwo anauza ana kuti chamoyo timachidziwa poti chimayenda chokha: mbuzi imayenda, mwala suyenda. Lusiyano anabwera nazo kunyumba. M'mawa mwake ababa ananyamula wotchi yapakhoma ya munthu wina n'kukaiika patebulo la aphunzitsi, ana onse akuona.

"Aphunzitsi, ichi chikuyenda kapena sichikuyenda?"

"Chikuyenda, a Namakhwa, koma mwachita kuchipukusa."

"Inunso akazi anu akupukusani ndi phala m'mawa uno. Asiye masiku anayi, tione ngati muyende."

"Chamoyo chimabereka. Wotchi yanuyo ili ndi ana angati?"

"Nanga abambo a ku mishoni ali nawo angati? Ndikawauze kuti mwati si amoyo?"

Ana anaseka mpaka kugubuduka pansi, ndipo makaniwo sanathere pomwepo. Anapitirira zaka ndi zaka, Lamulungu lililonse mapemphero akatha. Aphunzitsi akati chamoyo chimapuma, ababa ankawatuma kukamvetsera sitima ikamakwera mtunda wa ku Limbe. Akati chimakula, ababa ankawalozera chulu. Akatchula mzimu, ababa ankati iwo anatumbulapo mbuzi, anatsegulapo wotchi, ndipo monsemo sanaupezemo, ndiye aphunzitsi awaonetse pomwe umakhala. Amayi ankati anthu awiriwa akanakhala mwamuna ndi mkazi ukwati wawo ukanakhala wolimba kuposa onse m'mudzi muno.

Yankho la ababa linali limodzi, ndipo analigwiritsa ngati nkhupakupa. Chamoyo chimakana. Mbuzi imakana chingwe, khanda limakana bere, bongololo ukamukhudza amadzipinda, ngakhale chinangwa chimakana dothi lina. Makina sakana, amangothyoka. Galimoto ikaima pamtunda sikuti yanyanyala, chafa china m'kati mwake, ukachikonza ipitirira kupita komwe ukufuna iwe. Munthu womvera chilichonse ankamunyoza poyera, ankamutchula kuti njinga. Anali ndi mbuzi ina yovuta, yodula zingwe, yomwe anaipatsa dzina loti Sindifuna, ndipo inafa ndi ukalamba chifukwa sanalole kuti aliyense aiphe.

Ndiye Mulungu anawapatsa mwana wokana kuposa mbuziyo. Lusiyano anakana sukulu ali sitandade thuu. Anakana kuphunzira ntchito ya mawotchi, ati iye sangakalambire pachiguduli. Anakana mtsikana yemwe amalume anamupenyera. Nkhondo yachiwiri itayamba, ababa anamuuza kuti asayerekeze kulembetsa usilikali, nkhondo ya azungu aisiyire azungu, ndipo sabata yomweyo iye anapita ku Zomba kukalembetsa. Ababa anakalipa mudzi wonse kumva. Koma madzulo ake ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe akumwetulira okha, ndipo atandiona anati, "Ameneyu ndiye wamoyo. Mbewu ya kwathu."

Nkhondo itatha anzake anabwera ndi majombo, njinga ndi nkhani zosatha. Lusiyano anabwera ataperekezedwa ndi msilikali mnzake wa ku Thyolo. Analibe bala, analibe chipsera, thupi linali lonenepa kuposa mmene anapitira. Amayi anamukumbatira akulira, iye manja ali lende, maso ali gwa kuyang'ana khoma. Mnzakeyo sanafune n'kukhala pansi komwe. Anati zomwe zinachitika kumeneko iye sanganene, koma munthuyu savuta. Mukamuuza kuti idya, adya. Mukamuuza kuti gona, agona. Chachikulu musaiwale kumuuza kuti asiye.

Mawu amenewa tinawamvetsa patapita sabata ziwiri. Amayi anapita naye kumunda n'kumuuza kuti alime, kenaka anthu anadzawaitana amayiwo kuti akathandize mayi wina yemwe matenda anamuyamba. Pobwerako dzuwa litapendeka anapeza wamaliza munda wathu, wadumpha malire, akugalauza chinangwa cha eni ake, mpini uli magazi okhaokha. Amayi atati, "Siya, mwanangu," khasu linaima m'mwamba momwemo. Tinapita naye kuchipatala, anamuyeza paliponse, anati thupi lili bwinobwino, timupatse nthawi.

Nthawiyo mudzi sunatipatse. Nkhani inali m'kamwam'kamwa kuti a Namakhwa, poti amadziwa kuyendetsa zinthu zakufa, anapha mwana wawo m'matsenga n'kumusandutsa ndondocha yoti iziwalimira. Ena ankati lilime anamudula, n'chifukwa chake salankhula. Ndikafika pachitsime azimayi ankangoti zii, mitsuko yokha n'kumalira. Ana ankamuuza kuti vina, iye n'kumavina pamsewu, iwo n'kumaseka. Ine ndinamenyapo mwana wa munthu chifukwa cha zimenezi, ndipo mpaka lero sindinapepese.

Aphunzitsi a Chimenya, Mulungu ause mzimu wawo, anabwera kudzatilimbitsa mtima. Anakhala pakhonde, Lusiyano ali chikhalire pambali pawo pomwe tinamukhazika, ndipo anati, "A Namakhwa, musamvere za anthu. Mwanayu ngwamoyo. Akuyenda, akudya, akupuma."

Ababa anayankha osadzutsa mutu. "Wotchinso imayenda."

Ananena zimenezi mwana wawo ali pomwepo. Aphunzitsi anatola chipewa chawo n'kumapita osatsanzika. Sikuti ababa ankamuda mwanayo, ayi. Ankamukonda moopsa. Koma anali atamanga nyumba ya makani kwa zaka zonse zija, ndipo tsopano inawatsekera m'kati. Ankafuna Lusiyano akane kanthu kamodzi kokha, kuti iwo aime pabwalo n'kuuza mudzi wonse, ndi mtima wawo womwe, kuti mwana wawo alimo.

Ndiye anayamba kumuyesa. Anathira mchere wodzaza dzanja m'ndiwo zake, iye anadya n'kumaliza. Anamuuza kuti asenze mwala kupita nawo pachulu, abwere nawo, apitenso nawo, mpaka amayi anachita kukaima panjira. Anamuuza kuti avale chilundu cha amayi ayende nacho pabwalo, munthu yemwe kale ukangomuseka kabudula nkhonya inali itafika kale, ndipo anavala. Akatha mayeso aliwonse ababa ankalowa m'nyumba n'kukhala osadya. Anaonda iwo, mwana ali chinenepere.

Tsiku lina anaima patsogolo pake n'kumuuza kuti, "Ndimenye." Ankadziwa kuti Lusiyano wakale, ndi mwano wake wonse, sakanatukula dzanja pa abambo ake. Dzanja linakwera pang'onopang'ono, linafika patsaya la ababa, n'kukhudza ngati mmene umachotsera ntchentche pankhope ya khanda logona.

Amayi anaona. Anati, "Bambo a Lusiyano, dzanja la msilikali limenelo. Likanafuna mukanatola mano pansi. Simukuona kuti wakumverani chisoni?"

"Koma wamenya."

"Nanga ndikalowa m'nyumba kapumidwe kake kamasintha, zimenezo si kanthu? Ndikaphika kalongonda amatafuna mochedwa."

"Zimenezo n'zaumayi. Ine ndikufuna akane."

"Inu mwauma mutu ngati mpini," anatero amayi. "Mudzamutaya mwanayu."

Linali tsiku la m'chilimwe, m'mawa, kutentha kutayamba kale. Amayi anali kudimba. Kunabwera munthu wina kudzatenga galamafoni yake isanakonzedwe, ati sangasiye katundu wake pakhomo la mfiti, ndipo potuluka analavula pabwalo. Ine ndinali pamtondo, mwana kumsana. Ndinaona ababa akupukuta manja nthawi yaitali, kenaka anaitana Lusiyano n'kumuimika pakati pa bwalo.

"Iwe, pano si pako. Sindikukudziwa. Bwerera komwe wachokera."

Ine ndinadziwa chomwe ankafuna. Ankaganiza kuti palibe mwana wamoyo yemwe angavomere kuthamangitsidwa pakhomo la amake, kuti apa pokha akana, alira, mwina atukwana. Lusiyano anaima kanthawi, anatembenuka, n'kuyamba kutsika njira ya kumtsinje. Ndinaponya munsi pansi kuti ndimuthamangire, koma ababa anandigwira pamkono.

"Dikira. Akana pompano."

Lusiyano anadutsa nkhokwe, anadutsa mango a amalume, ife tikumuona msana. Atafika pamtsinje anaima. Ndikunena pamaso pa Mulungu, anaima. Phazi limodzi linali pamwala woolokera, lina pamtunda, mutu utapendekera pang'ono kumbali ngati munthu womvetsera. Palibe anamuuza kuti aime. Zala za ababa zinalowa m'mnofu mwanga.

"Waona? Atembenuka tsopano. Usalankhule, umuononga. Atembenuke yekha."

Sindidziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji. Mwana kumsana anayamba kulira. Kenaka Lusiyano anaponda mwala wachiwiri, anaoloka, n'kulowa m'nsungwi za kutsidya.

Ababa anadikirabe mpaka dzuwa kufika paliwombo, ati abwera, akungofuna kutizunza, ndi mmene alili mwana ameneyu. Amayi pobwera kudimba ndiwo anakuwa, ndipo m'pamene anthu anabalalika kukafuna. Njira ya kutsidya imakathera pamphambano ya msewu waukulu, ndipo pamenepo mapazi ake anasokonekera ndi a anthu ena. Ababa anatenga njinga n'kupalasa mpaka ku Zomba, poganiza kuti komwe anachokera n'kukampu ya asilikali. Kumeneko sanamuone. Mayi wina wogulitsa nthochi anati anaona munthu wamtali akulowera ku Limbe, anamupatsa moni osayankha. Wina anati anamuona akutsata njanji. Amuna anga ndi amalume anafika mpaka ku Luchenza, anafunsa kumapolisi, m'zipatala, kwa mafumu. Sitinapeze munthu, sitinapeze mtembo, ngakhale kansalu koti tiike m'manda.

Kuyambira tsiku limenelo amayi sanalankhulenso ndi ababa mwachindunji. Ankawaphikira, ankawachapira, koma mawu ankadzera mwa ine. Uwauze abambo ako madzi ali kubafa. Uwauze abambo ako denga likudontha. Amayi anamwalira chaka cha njala ya fote naini, ndipo ine ndimati si njala yokha inawatenga. Ali pamphasa yomaliza ababa anagwada pambali pawo kuwapempha kuti anene kanthu, amayi anatembenukira kukhoma.

Mudzi unasintha nyimbo msanga, monga umachitira. Omwe ankati ndondocha anayamba kunena kuti kalanga mwana wabwino uja, nkhondo ndi yoipa. Mawotchi anayambanso kubwera, koma ababa ankawabweza. Anasamukira pamphambano paja. M'mawa uliwonse ankaoloka mtsinje ndi ndodo yawo n'kukakhala pamwala wina wafulati pansi pa mtengo wa mbawa, pomwe ukhoza kuona msewu mbali zonse ziwiri. Aliyense wodutsa, wapansi, wanjinga, ngakhale lole ikaima kutsitsa anthu, ankamufunsa ngati sanakumane ndi munthu wamtali, wosalankhula, woyenda osacheuka. Ndipo ankawonjeza kuti mukamuona musamugwire, musamukalipire, mungomuuza kuti ima, aima. Anachita zimenezi zaka zoposa khumi, mvula ndi dzuwa, mpaka anthu a m'njira imeneyo anazolowera kuyankha asanafunsidwe. Ankangoti akuyandikira, "Sitinamuone, agogo," iwo n'kugwedeza mutu.

Aphunzitsi a Chimenya anawatsatira kumeneko kamodzi, nawonso atakalamba, akuyenda mokoka mwendo. Anawamvera chisoni, ndiye anafuna kuwautsa ndi makani akale. Anawauza kuti ku Blantyre kwabwera makina olankhula okha nkhani za kutali, nanga amenewo tiwaika mbali iti? Kale ababa akanalumpha nayo nkhani imeneyo mpaka dzuwa kulowa. Anangoti, "Aphunzitsi, ine sindidziwa kanthu." Anakhala limodzi mpaka madzulo osalankhulanso, ndipo aphunzitsi pobwerera anadzera kwathu n'kulira ngati mwana.

Mwezi wathawu miyendo inakana, ndipo ndinawasamutsira m'nyumba mwanga. Masana ena ndikuwamwetsa phala anandigwira pamkono pomwe paja.

"Anaima pamtsinje paja, eti?"

"Anaima, ababa."

"Ndinaona. Ankadikira kuti ndimuitane. Makina sadikira munthu." Kenaka anandifunsa, "Nanga iwe bwanji sunamuitane?"

"Munandigwira dzanja."

"Ndinagwira dzanja. Pakamwa sindinagwire."

Sananene mokalipa, ankangofunsa ngati munthu wofunadi kudziwa. Ndinaika mbale pansi n'kutuluka. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwaimba mlandu, ndipo ndikuwaimbabe, sindinawakhululukire. Koma mawu amodzi okha akanakwana, mtsinje suli kutali, akanandimva. Ndinakhala chete chifukwa ababa anati ndikhale chete. Pakhomo lonse lija, la anthu odzitama kuti ndife mbewu yokana, panalibe wokana tsiku limenelo. Ululu umenewu ndidzapita nawo kumanda, ndipo palibe wansembe angandichotsere.

Lero m'mawa ndinaoloka mtsinje kupita pamphambano. Mwala uja ulipo, pamwamba pake posalala, ndipo kutsogolo kwake kuli timaenje tiwiri pomwe zidendene zawo zinkakhala. Pambali pali kadzenje ka nsonga ya ndodo. Masamba a mbawa ayamba kale kudzazamo, nyerere zadutsitsa njira yawo pamwalapo. Ndinaima chapatali. Kunabwera mayi wina wochokera ku Limbe, dengu pamutu, ndipo atayandikira anachepetsa liwiro n'kutsegula pakamwa kuti anene zija ankanena masiku onse. Anaona kuti palibe munthu, anakonza nkhata yake n'kupitirira. Lole inadutsa, fumbi linakwera, linatsikanso pamwalapo. Msewu uli mbee mbali zonse ziwiri. Ngati Lusiyano akadali kuyenda kwinakwake, n'kudzatulukira pamenepa mawa kapena chaka chamawa, sadzapeza womuuza kuti aime. Adzadutsa njira ya kwawo n'kupitirira.